Keke ya mandimu ndi zukini yandikanika pakati, ndithandizeni Loweruka lisanafike

Make Tadala (Mangochi Boma): Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a pa gulu pano. Ine ndabwera ndi vuto ndipo ndikufuna thandizo msanga chifukwa Loweruka likubwerali amayi a banki m'khonde akukumana kwathu, ndipo ndinawalonjeza kale kuti ulendo uno sadya mandasi a masiku onse aja, ndiwaphikira kanthu kena. Nkhani yake ili chonchi. Alamu anga ali ndi dimba cha ku Monkey Bay uko, amapereka masamba ku ma loji a ku Cape Maclear, nde sabata yathayi anandibweretsera zukini, ndiwo ija yaitali yobiriwira yooneka ngati nkhaka, jumbo yodzadza, akuti wakulitsa, ku loji amafuna ting'onoting'ono tanthete. Wina tinakazinga ndi tomato ndi anyezi tadyera nsima masiku awiri koma watsalabe wambiri. Mwana wanga wamkulu ndi amene anandionetsa pa foni keke ina yake yopyapyala ya mu thireyi, amaikamo zukini ndi mandimu kenako nkudula tizidutswa ta makona anayi ngati sopo wosambira. Dzulo ndayesa. Magetsi anazima kuyambira mmawa nde ndinaphikira pa mbaula mu poto monga timachitira ndi chigumu. Amayi inu, pansi yapserera bii, pakati ngati phala la mwana, pamwamba mbee ngati sinaone moto. Fungo lokha ndi limene linali labwino, nyumba yonse mandimu okhaokha. Mazira atatu, fulawa makapu awiri, shuga, mafuta, zonse zapita, ndipo mmene zinthu zakwerera masiku ano mtima wandiwawa usiku onse. Ndalakwitsa pati?

Naphiri wa ku Namwera: Pepani asisi. Ndifunse kaye, zukiniyo mutamugireta munamufinya?

Make Tadala (Boma): Ayi sindinafinye, ndinangothira momwemo. Mu vidiyo muja sanaonetse zofinya.

Naphiri wa ku Namwera: Ndiye vuto loyamba ndi limenelo. Zukini ndi madzi okhaokha asisi, makamaka wamkulu ngati wanuyo. Mukagireta muike pa kansalu koyera bwino, ine ndimagwiritsa ntchito kachidutswa ka chitenje kakale kochapa kamene ndinakapatula kuti ndi ka kukhitchini basi, musonkhanitse nsonga zinayi zija nkupotokola mwamphamvu ngati mukufinya chovala kunyanja. Mudzadabwa madzi obiriwira amene atuluke, pa makapu awiri a zukini mutha kutulutsa pafupifupi theka la kapu. Madzi amenewo ndi amene anasandutsa keke yanu phala. Komanso poti ndi wamkulu, mung'ambeni pakati kaye muchotse kumtima kuja kuli nthanga ndi kofewa ngati siponji, mugirete nyama yolimba yokhayo. Khungu ngati chala chikulowa mukatsina lisiyeni, limakongoletsa keke ndi timadontho tobiriwira, koma ngati lakhwima sendani.

Che wa pa Makawa: Pepani ndilowerere amayi. Ine ndikufunsa mofuna kudziwa ndithu, zukini si ndiwo kodi? Nanga ndiwo ilowa bwanji mu keke? Kwathu kuno tikaona chinthu chotere timaganiza za nsima, kuika mu shuga ndikuona ngati nkuononga chakudya.

Mphunzitsi wa ku Malindi: Achimwene funso lanu ndi labwino, ambiri amadabwa chomwecho. Zukini ndi mtundu wa dzungu, amangothyoledwa akadali wanthete asanakhwime. Onani masamba ake ndi maluwa ake achikasu aja, ndi m'bale wake wa nkhwani weniweni. Maungu onsewa kwawo kwenikweni ndi ku America cha ku Mexico, koma mtundu wautali wobiriwirawu anaukonza ndi alimi a kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1800, nchifukwa chake dzina lake likumveka lachitaliyana. Tsono dzungu ife timadya ndi tiyi, ena amawaza shuga, ena amaphika ndi nsinjiro, palibe amadabwa. Zukini payekha ali zii, alibe kukoma kolimba, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse ndi madzi. Ntchito yake mu keke ndi kuifewetsa kuti isaume gwa, monga mmene nthochi imachitira mu chigumu kapena karoti mu keke ya karoti. Amene amamveka mkamwa ndi ndimu.

Che wa pa Makawa: Oho, ngati ndi m'bale wa dzungu ndiye ndamva. Zikomo aphunzitsi.

Mlongo wa ku Joni: Moni kumudzi nonse. Kuno ku Johannesburg amamutchula kuti baby marrow, mukanena zukini mu shopu ena samva nkomwe. Ine ndimagwira ntchito ya mnyumba ndipo keke imeneyi ndimaphika pafupifupi mwezi ulionse, ana a kuno amaikonda kwambiri. Muyezo wanga ndi uwu achemwali, kapu yake ikhale imodzimodzi pa zonse, ya 250 ml ija. Fulawa makapu awiri osatsendera, shuga kapu imodzi ndi kota, bekingi pauda tisupuni ta tiyi tiwiri, mchere theka la kasupuni, mazira atatu, mafuta ophikira theka la kapu, yogati kapena chambiko theka la kapu, khungu la mandimu awiri logireta, madzi a ndimu masupuni akulu atatu, zukini wofinya kale kapu imodzi ndi theka. Zouma pazokha, zamadzi pazokha, kenako muphatikize, zukini pomaliza. Uvuni pa madigiri 180, mphindi 25 mpaka 30. Thireyi yanga ndi ya 23 cm mulifupi 33 cm mulitali. Musatakase kwambiri ngati mukuvundula nsima ayi, fulawa akangobisika basi siyani pomwepo, mukapitiriza imatuluka yotafunika ngati labala.

Make Tadala (Boma): Zikomo kwambiri mlongo ndalemba zonse mu kope. Inetu ndinatakasa ndi mthiko mpaka mkono kuwawa ndimaganiza kuti ndi mmene imafufumira bwino. Koma za 180 zo ine uvuni wa magetsi ndilibe, ndili ndi hotipuleti ndi mbaula basi.

Anti a ma keke pa Soko: Make Tadala tandiuzani, poto munaphikiramo ndi wamkulu bwanji ndipo phala la kekeyo linafika pati?

Make Tadala (Boma): Poto wophikira nsima ya anthu asanu anti, linafika pafupifupi theka.

Anti a ma keke pa Soko: Eee mwana wanga, ndiye ngakhale mukanafinya sikanapsa pakati. Keke imeneyi si ya msinkhu, ndi yogona. Mukathira mu thireyi kuya kwake kusapitirire zala ziwiri zogoneka. Ikakhala yakuya moto umafika mmbali ndi pansi, pakati pasanatenthe nkomwe pansi papserera kale. Ine ndakhala ndikuphika ma keke a maukwati ndi zinkhoswe zaka zambiri ndipo nthawi zambiri magetsi amandithawa keke ili mkati, nde ndinaphunzira za mbaula mokakamizika. Koma pa zofinya ndisiyana pang'ono ndi Naphiri. Ine ndimawaza kaye kamchere pang'ono pa zukini wogireta, ndimusiye mphindi khumi mu sefa, mchere umakoka madzi okha kenako ndifinye. Mukatero mchere wa mu fulawa uja muchepetse.

Naphiri wa ku Namwera: Anti njira ya mchereyo ndinayesapo koma ine inandiumitsira kwambiri, keke inatuluka yokakamira pakhosi. Ndimaona kuti kufinya kamodzi kokha nkokwanira, kachinyezi pang'ono katsale.

Anti a ma keke pa Soko: Inu kwanu ku Namwera nkozizira ndipo mumathyola anthete a mdimba mwanu, awa ali ndi akuluakulu okhala sabata mu jumbo kuno ku Boma. Aliyense aone zukini wake. Chachikulu mukafumbata mdzanja asadonthe madzi koma asakhalenso ngati utuchi.

Mdzukulu wa Anganga (Mpondasi): Ndikulemba ndine mdzukulu koma mawu ndi a anganga, ndawawerengera zonse ndiye akuti ndikuuzeni za moto. Akuti poto asakhudzane ndi makala mwachindunji. Mutenge sefuliya yaikulu ija ya pa zochitika, muthiremo mchenga wouma bwino kuya kwake zala zitatu, wa kunyanja ndi wabwino koma muuyanike kaye padzuwa tsiku lonse ndi kuusefa muchotse tizigoba ndi zinyalala. Muike pa mbaula muvindikire utenthe kaye kanthawi kokwana kusenda ndi kugireta zukini wanuyo. Pa mchengapo muikepo timiyala titatu touma tofanana msinkhu ngati mafuwa, thireyi ikhale pa timiyalapo, isagunde mchenga isagundenso mmbali mwa sefuliya. Miyala yongotola mmadzi ayi akuti imaphulika ikatentha. Mukavindikira, makala ambiri muwasamutsire pa chivindikiro, pansi patsale ochepa okutidwa ndi phulusa. Akuti moto wa keke umachokera kumwamba ngati dzuwa, wa pansi ndi wongofunditsa. Pofuna kudziwa ngati sefuliya yatentha mokwanira muwaze fulawa pang'ono pa kachitini muike mkatimo, akamafiira pang'onopang'ono ngati mtedza wokazinga ndiye zili bwino, akangoda nthawi yomweyo chepetsani makala, akakhala woyera osasintha onjezerani. Ndiye akuti musamavundukule pafupipafupi, kuona maso a nkhono nkudekha, mphindi 20 zoyamba chivindikiro chisasunthe. Ndipo popeza mwera ukuomba masiku ano mbaula muibise kuseli kwa chipupa apo ayi mbali imodzi ipsa inzake isanayambe, pakati pa ulendo mutembenuze sefuliya yonse.

Make Tadala (Boma): Mundithokozere anganga kwambiri, sikomo kwejinji. Zoti makala ambiri apite pamwamba ndimadziwa pa chigumu koma dzulo ndinali ndi changu ndinakoleza mbaula yodzadza.

Nesi wa ku Koche: Ndiwonjezere pa za mwerazo. Kubisa mbaula kuseli kwa chipupa kapena pa khonde zili bwino, koma chonde musailowetse mnyumba nkutseka zitseko ndi mawindo chifukwa cha mphepo. Makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka komanso wosanunkha, munthu amangoyamba mutu, chizungulire, tulo, ena osadzukanso. Miyezi yozizira ino ya Juni ndi Julayi ndi imene anthu amachita zimenezi. Phikirani pamene mpweya ukudutsa.

Abiti wa ku Namiasi: Asalaam aleikum nonse. Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ndipo ndakopeka, ndikufuna ndidzaphike pa Idi. Funso langa ndi la vanila, ndinamva kuti wina amakhala ndi mowa mkati nde ine ndinasiya kugula. Kodi keke imeneyi imafuna vanila?

Mlongo wa ku Joni: Waleikum salaam Abiti. Nzoona vanila wina wa mbotolo amasungunulidwa mu alcohol, muziwerenga pa kapepala ka botolo kapena muone chizindikiro cha halaal. Koma pa keke iyi musavutike naye, ine sindiika nkomwe. Ndimu amakwanira yekha.

Anti a ma keke pa Soko: Ndipo ndikuuzeni chinsinsi cha ndimu chifukwa ambiri amaganiza kuti kukoma kuli mmadzi, amathira madzi a mandimu asanu keke nkuwawasa mpaka mano kuyayamira koma fungo palibe. Fungo lili pa khungu lakunja, timabowo tating'onoting'ono mukuona pa khungupo muli mafuta. Tsukani ndimu bwinobwino, mupukute, mugirete ku mbali ya timabowo tating'ono kwambiri ya gireta, mopepuka, mukangoona choyera chikuonekera tembenuzani. Choyeracho ndi chimene chimawawa, ndipo mandimu athu akuluakulu a khungu lokhakhala aja ali nacho chokhuthala kwambiri nde musamale. Mukatha thirani khungulo mu shuga wouma muzifikisa ndi zala ngati mukufikisa nsinjiro, mphindi ziwiri zitatu, shuga asanduka wonyowa pang'ono wachikasu ndipo fungo lake lifika mpaka kwa aneba. Ndiye muswere mazira mmenemo. Gireta ngati mulibe tengani chitini chopanda dzimbiri muboole ndi msomali, mbali yokhakhala ija imagwira ntchito bwino lomwe.

Abiti wa ku Namiasi: Mandimu a pa mtengo wathu ndi obiriwira anti, sachita chikasu ngakhale akule bwanji. Ndidikire?

Mphunzitsi wa ku Malindi: Musadikire Abiti. Kumalo otentha ngati kwathu kuno zipatso za mtundu wa mandimu ndi malalanje zimatha kupsa mkati khungu likadali lobiriwira, chikasu chija chimabwera bwino kukamazizira usiku. Mukafinya ndi dzanja nkumva kuti wafewako ndipo akulemera, ndi wakupsa ameneyo.

Mlangizi wopuma (Chimwala): Ndapeza nkhani yafika patali koma pali chinthu chimodzi chimene sindinaone wina atanena ndipo ndi chofunika kuposa zonse. Musanagirete zukini aliyense, dulani kachidutswa kumapeto kwa ku phesi mulawe ndi lilime. Zukini wabwino sawawa. Mukamva kuwawa ngati mankhwala a malungo lavulani ndipo mutaye yense, musati ndiphika kuwawako kutha kapena shuga abisa, ayi, poizoni wake satha ndi moto. Dzina lake ndi cucurbitacin, amapezeka mu zomera za banja la maungu, nkhaka ndi mphonda, ndi yemwe uja amachititsa kuti mphonda zina zikhale zowawa zongopangira zikho. Amatsegula mmimba koopsa ndi kusanzitsa. Mbewu zogula mu paketi kawirikawiri zilibe vutoli, koma zimachitika munthu akasunga nthanga zake kuchokera mmunda mmene njuchi zinasakaniza ndi maungu ena owawa, komanso mbewu ikavutika ndi ludzu ndi kutentha kuwawa kumatha kukwera. Inu mukupita kukadyetsa gulu la amayi, lawani mmodzimmodzi musanasakanize.

Make Tadala (Boma): Bambo zikomo, izi sindimadziwa ndi pang'ono pomwe. Amene tinadya ndi nsima aja anali bwinobwino koma otsalawa ndilawa onse.

Che wa pa Makawa: Bambo mlangizi, nanga ife tikafuna kudzala kuno mphepete mwa nyanja zingatheke? Ndili ndi kamalo kuseli kwa nyumba madzi ali pafupi.

Mlangizi wopuma (Chimwala): Zimatheka ndithu achimwene, nthawi yake ndi ino yozizira mukathirira. Sayanga ngati dzungu lathu, amakhala chitsamba pamalo amodzi, nde musiye mpata wa pafupifupi mita imodzi pakati pa mapando, manyowa okwanira pa phando. Pakatha milungu isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu mumayamba kuthyola. Thirirani pansi pa tsinde osati pa masamba chifukwa amagwidwa msanga ndi nthenda ija yoyeretsa masamba ngati mwawaza ufa. Maluwa ake alipo aamuna ndi aakazi, lalikazi limakhala ndi kamwana kumbuyo kwake. Mukaona tiana tikufota nkugwa ndiye kuti njuchi sizikufika, mmamawa maluwa akadali otsegula thyolani duwa lalimuna mukhudzitse pakati pa lalikazi. Ndipo muziyendera tsiku ndi tsiku, akafika kutalika kwa chikhatho ndi theka thyolani, mukachedwa masiku atatu okha mupeza wakula ngati mkono, ndi zimene zinawachitikira alamu awo a Make Tadala.

Naphiri wa ku Namwera: Amene alibe zukini asadandaule, ine ndinayesapo ndi dzungu lathu lomweli lanthete, lija khungu likadali lofewa lotsinika ndi chala, inatuluka bwino kungoti mtundu umapita ku chikasu. Nkhaka yokha ndi imene musayese, madzi ake ndi osaneneka.

Nachisale (Ntagaluka): Ine bekingi pauda ndilibe koma soda wophikira therere ndili naye. Ndingaike ameneyo? Komanso fulawa wadula, kodi sindingasakanize ndi ufa woyera?

Mphunzitsi wa ku Malindi: Soda amagwira ntchito akakumana ndi chowawasa, ndipo mu keke iyi muli ndimu ndi chambiko nde atha kufufumitsa. Akakumana amatulutsa mpweya, ndi timathovu tija mumaona, ndi timene timakweza keke. Bekingi pauda ndi soda yemweyo wosakaniza kale ndi chowawasa chouma. Koma soda yekha ndi wamphamvu kuposa, pa fulawa makapu awiri theka la kasupuni ka tiyi kapena kupitirirako pang'ono nkokwanira. Mukachulutsa imamveka sopo mkamwa ndipo imada. Chinanso mukaika soda musachedwe, mukangosakaniza ilowe pamoto nthawi yomweyo mpweya usanathawe.

Anti a ma keke pa Soko: Za ufa woyera mwana wanga, pa makapu awiri aja theka la kapu lokha likhale ufa, lotsalalo fulawa. Mukapitirira pamenepo siigwirana, podula imangoyoyoka. Ufa wa chimanga ulibe ulimbo umene uli mu tirigu.

Bambo a Yamikani (Boma): Mayi a kunyumba ali ndi matenda a shuga. Popeza muli masamba mkatimu ndimati mwina iyi angadye momasuka?

Nesi wa ku Koche: Ayi bambo, chonde musawapatse ndi maganizo amenewo. Zukini payekha ndi wabwino kwambiri kwa odwala shuga, muwaphikire ngati ndiwo. Koma iyi ndi keke, muli shuga wopitirira kapu ndi fulawa woyera amene mthupi amasandukanso shuga. Zukini ali mmenemo sachotsa zimenezo. Ngati akufuna kulawa kakhale kachidutswa kakang'ono atadya kale chakudya, kopanda za pamwamba zija, ndipo afunse ku kiliniki kumene amalandira mankhwala.

Make Tadala (Boma): Anesi mwandikumbutsa, pa gulu lathu pali mayi mmodzi wa vuto lomweli, ndiwakonzera mtedza wokazinga pambali. Tsono za pamwambazo, mu vidiyo anathira zoyera ngati mkaka zoyenderera. Zija ndi chani?

Mlongo wa ku Joni: Ndi ayisingi shuga kapu imodzi ndi madzi a ndimu masupuni awiri, mutakase mpaka isalale. Koma keke izizire kaye zii, mukathira ikadali yofunda imangosungunuka nkulowa pansi.

Anti a ma keke pa Soko: Mlongo kwanuko zimakhala bwino koma kuno ku Mangochi ayisingi ameneyo amalira misozi, panopa bola, ikafika Okutobala simungamusunge ngakhale ola limodzi, ndiye nyerere nazo zimabwera ndi abale awo onse. Ine ndimapanga zina. Shuga wamba theka la kapu, madzi a mandimu awiri, ndisakanize osaphika, shuga asasungunuke yense. Keke ikangotuluka pamoto ikadali yotentha ndiibaye ndi foloko malo ambiri nkuthira ndi supuni paliponse mpaka mmakona. Madzi a ndimu amalowa mkati, shuga amatsala pamwamba nkuuma kukhala kachikhokho kolira mkamwa. Sizifuna fuliji, sizifuna kugula china chilichonse. Chenjezo langa ndi limodzi, ngati thireyi yanu ndi ya aluminiyamu yalani pepala lophikira keke pansi kapena pepala loyera lopaka mafuta, ndipo isagone mmenemo, ndimu amadya aluminiyamu keke nkumamveka chitsulo. Ndipo musadule ikadali yotentha, idikireni ola lathunthu.

Adimini: Amene mwaponya malonda a nsapato pakati pa nkhaniyi ndachotsa, tsiku la malonda ndi Lachisanu. Pitirizani amayi.

Make Tadala (Boma): Mwadzuka bwanji nonse. Ndabwera ndi lipoti. Dzulo madzulo ndinayesa theka la muyezo wa mlongo wa ku Joni kuti ndisaonongenso zambiri, mazira ndinaika awiri a nkhuku zachikuda poti ndi ang'ono. Sefuliya ndinabwereka kwa aneba, mchenga anakanditapira ana ku mtsinje cha ku mlatho wa Bakili Muluzi uko, unauma tsiku lonse pa lichero lakale. Thireyi ya makona sinalowe mu sefuliya nde ndinagwiritsa ntchito mbale yachitsulo yotambalala. Zukini ndinalawa onse anayi palibe wowawa. Pofinya paja Naphiri munanena zoona, madzi anatuluka mpaka ndinaitana mwana kuti adzaone. Shuga ndi khungu la ndimu ndinafikisa monga anti ananenera, manja anga mpaka pano akununkhira. Fulawa woyesera moto uja poyamba anada msanga nde ndinachotsa makala ena pansi ndikudikira. Mphindi 20 ndinakhala pa mpando osakhudza chivindikiro, mtima uli mmwamba. Nditavundukula inali itakwera bwino, pamwamba pofiirira ngati buledi wa ku bekale, koma nditabaya ndi kamtengo pakati kanatuluka konyowa nde ndinavindikiranso mphindi khumi ndi ziwiri, kachiwiri kanatuluka koyera. Yapsa amayi! Pakati yofewa, timadontho tobiriwira tikuoneka, bambo a kunyumba adya zidutswa zitatu ndi tiyi osadziwa kuti muli zukini mpaka ndinawauza. Vuto latsala ndi loti mbali imodzi yauma ndi kuda pang'ono mmphepete.

Mdzukulu wa Anganga (Mpondasi): Anganga akufunsa kuti sefuliya munatembenuza?

Make Tadala (Boma): Ndinaiwala, ndinangokumbukira zosavundukula.

Mdzukulu wa Anganga (Mpondasi): Akuti ndi chimenecho, komanso muone ngati mbale sinatsamire mbali imodzi kufupi ndi chitsulo cha sefuliya. Makala a pamwamba muwayale mozungulira mmphepete mwa chivindikiro, pakati ochepa.

Anti a ma keke pa Soko: Mwachita bwino mwana wanga, ndasangalala ngati ndaphika ndine. Tsono pa Loweruka poti mbale yanu ndi yaing'ono muphika maulendo awiri, musasakanize zonse nthawi imodzi ina nkumadikira pa tebulo, ifwa mphamvu. Yezani zouma mmbale ziwiri, zamadzi muphatikize pokhapokha sefuliya ikakhala yopanda kanthu. Ndipo muphike Lachisanu madzulo kapena Loweruka mmamawa, keke yonyowa chonchi kunja kuno masiku awiri basi yachita nkhungu, mu fuliji ndiye itha kufika anayi.

Naphiri wa ku Namwera: Mbale yozungulira mudula bwanji makona anayi asisi?

Make Tadala (Boma): Ndadula mizere kutalika ndi kupingasa, za pakati zatuluka za makona bwinobwino ndi zimene ndiike pa tebulo, za mmphepete zokhota zija ndi za ana.

Abiti wa ku Namiasi: Make Tadala zukini watsala? Kuno ndafunsa pa msika sakumudziwa, andionetsa nkhaka.

Make Tadala (Boma): Atsala awiri akuluakulu Abiti, mmodzi ndi wa Loweruka winayo ndi wanu. Alamu anga akubwera ku Boma Lachisanu mmawa adutsa pa Namiasi pomwepo, ndawauza kuti atengenso ena anthete. Ndilembereni ku inibokosi tigwirizane poti akupezeni.

Che wa pa Makawa: Muwafunsenso alamu anuwo kumene amagula mbewu, ine mapando ndakumba kale asanu ndi limodzi.